Mwezi ndi nyenyezi zili pa fokasi imodzi, nanga bwanji chithunzi chikutuluka mbuu?

Tengani kamera ya lens yaitali, ngati ija ya 200 mm imene ojambula mpira amanyamula, muiloze kumwamba usiku wopanda mitambo, mudine. Kawirikawiri chomwe chimatuluka si nyenyezi ayi, koma timipira totuwa ngati thonje. Nyenyezi zing'onozing'ono ndiye sizioneka n'komwe. Kamera yomweyo masana imajambula nkhope ya munthu mpaka nsidze kuwerengeka.

Ophunzira anga a physics akaona zimenezi amathamangira yankho limodzi. Amati vuto ndi lakuti zinthu zakumwamba zili pa mitunda yosiyana kwambiri: Mwezi uli pafupi, Jupiter ali patali, nyenyezi zili kutalitali, ndiye kamera ikusowa chofokasa. Yankholi likumveka lanzeru, koma si loona. Kwa lens, thambo lonse lili pa mtunda umodzi. Vuto lili m'kati mwa kamera, pa kampata kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi lanu, ndiponso pa zinthu zapansi pano zimene mukufuna zilowe nawo m'chithunzicho. Tiyeni tione ndi masamu a m'kalasi omwewa.

Kufokasa n'kutani kwenikweni?

Kadontho kalikonse kowala kamamwaza kuwala mbali zonse. Lens ya convex imatola mizere ya kuwala imene yagwera pa galasi lake n'kuipinda kuti ikakumane pamalo amodzi kuseri kwake. Kuwalako, kuchokera pa lens kukafika pokumanirapo, kumakhala ngati denga la nkhokwe: kotambasuka ku lens, kosongoka kumapeto.

Kumbuyo kwa kamera kuli sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala. Sensa ikakhala pansonga penipeni pa dengalo, mumapeza kadontho. Ikakhala patsogolo pang'ono, mwadula dengalo lisanasongoke, ndipo mumapeza kabwalo. Ikakhala pambuyo pang'ono, mizere ija yadutsana kale n'kuyambanso kutayana, kabwalo kachiwiri. Kufokasa ndi kumeneku basi: kusuntha magalasi a lens mpaka nsonga igwere pa sensa. Pa lens pamakhala mkombero umene mumapotokola ndi zala kuti magalasiwo ayende.

Nyenyezi ndiye mayeso ovuta kuposa onse, chifukwa kwa kamera nyenyezi ndi kadontho kenikeni pa mdima wa bii. Pa nkhope ya munthu kulakwitsa pang'ono kumabisala m'khungu ndi m'tsitsi. Pa nyenyezi palibe pobisala.

Masamu a Mwezi

Mukukumbukira fomula ya lens:

1/f = 1/u + 1/v

Apa f ndi focal length, u ndi mtunda wochokera pa chinthu kufika pa lens, v ndi mtunda wochokera pa lens kufika pamene chithunzi chikupangika. Titenge f = 200 mm, tizisintha u.

Munthu ali pa mamita 2: v = 222.2 mm
Mtengo uli pa mamita 20: v = 202.02 mm
Nyumba ili pa mamita 100: v = 200.4 mm
Chulu chili pa kilomita 1: v = 200.04 mm
Phiri lili pa makilomita 10: v = 200.004 mm
Mwezi uli pa makilomita 384,400: v = 200.0000001 mm

Mwaona zimene zikuchitika? Chinthu chikamatalikira, v akuyandikira f koma osapitirira. Chidule chake n'chakuti chinthu chikakhala patali, v amaposa f ndi f²/u.

Tsopano tengani Alpha Centauri, nyenyezi yowala ija ili pafupi ndi Southern Cross, imene kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kutifike. Kapena mlalang'amba wa Andromeda, umene kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 2.5 miliyoni. Pa zonsezi v ndi 200 mm, kutsatizana ndi maziro ochuluka moti kakyuleta yanu itopa. Kusiyana kwa fokasi ya Mwezi ndi fokasi ya nyenyezi ndi 0.0000001 mm. Kumeneko ndi kukula kwa atomu imodzi. Palibe chala, palibe makina a kamera, amene angasunthe galasi ndi atomu imodzi, ndipo palibe diso limene lingaone kusiyanako.

Ndiye mukafokasa pa Mwezi mwafokasanso pa Nthanda, pa Jupiter ndi timiyezi take tinayi tija Galileo anaona mu 1610, pa Nsangwe ndi pa Mlalang'amba wonse. Ojambula amati zonsezi zili pa infinity, kutanthauza kuti mizere ya kuwala kwake imafika pa lens itayendera limodzi ngati njanji. Fokasi yake ndi imodzi yokha. Ntchito ndi kuipeza.

Kampata kochepa kuposa tsitsi

Kuti tione kuvuta kwake tifunika zinthu ziwiri.

Choyamba ndi muyeso waung'ono. Milimita imodzi mukaigawa pa 1,000, gawo limodzi ndi maikulomita imodzi. Tsitsi la munthu limanenepa maikulomita apakati pa 50 ndi 100. Sensa imapangidwa ndi timabokosi totchedwa mapikiselo. Pa makamera ambiri a 24 megapixel, sensa ndi yotalika 23.5 mm ndipo muli mapikiselo 6,000 pamzere, ndiye pikiselo imodzi ndi maikulomita pafupifupi 4.

Chachiwiri ndi nambala ija imalembedwa f/2.8, f/4, f/8. Tiitche N. Imeneyi ndi focal length kugawa ndi kukula kwa chibowo cholowera kuwala. Lens ya 200 mm pa f/2.8 ili ndi chibowo cha 71 mm. Pa f/8 chibowo ndi 25 mm. Nambala ikakhala yaing'ono, chibowo n'chachikulu.

Bwererani ku denga la nkhokwe lija. Chibowo chachikulu chimapanga denga lotambasuka, lofika kunsonga mwadzidzidzi. Chibowo chaching'ono chimapanga chinthu chowonda ngati munga wa mthethe, chosongoka pang'onopang'ono. Mukaphonya nsonga ya munga ndi pang'ono, mungawo ukadali wowonda. Mukaphonya nsonga ya denga, mwagwera kale potambasuka. Masamu ake ndi a makona atatu ofanana:

kukula kwa kabwalo = mtunda umene mwaphonya ÷ N

Tinene kuti tikulola nyenyezi ifufume mpaka mapikiselo 2, omwe ndi maikulomita 8. Pa f/2.8 tingaphonye ndi 8 × 2.8, maikulomita 22 okha. Tsitsi limodzi muligawe patatu, ndiye mpata wanu umenewo.

Koma dikirani. Mu fomulayi mulibe f. Ndiye kuti lens ya 20 mm pa f/2.8 nayonso ili ndi mpata wa maikulomita 22 womwewo. Nanga lens yaitali imavutiranji?

Yankho lili pa ulendo umene nsonga ija imayenda. Pa lens ya 200 mm, kuchoka pa infinity kufika pa munthu ali pa mamita 2, nsonga imayenda 22 mm. Taona kale pamwambapa. Pa lens ya 20 mm ulendo womwewo ndi 0.2 mm basi. Choncho mpata wathu uja pa lens yaifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 9 a ulendo wonse, pamene pa lens yaitali ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Tiyerekeze kuti mkombero umayenda masentimita 10 pa ulendowu. Gawo limodzi mwa 1,000 ndi 0.1 mm, kunenepa kwa pepala la m'kope lanu. Chala chikatsetsereka ndi pepala limodzi, fokasi yapita.

Nyenyezi zing'onozing'ono zija zimasowa pa chifukwa chomwechi. Kuwala kwa nyenyezi n'kochepa kale. Kabwalo kakakula kanayi m'mimba mwake, malo ake akula ka 16, ndipo pikiselo iliyonse ikulandira gawo limodzi mwa 16 la kuwala kuja. Nyenyezi yowala imasanduka mpira wotuwa, yofooka imamira mu mdima. Zili ngati supuni imodzi ya shuga: m'kapu ya tiyi mumaimva, mu ndowa simuimva.

Chizindikiro cha eyiti yogona

Pa malens ambiri pali chizindikiro ichi: ∞. Mwina mukuti, bwanji osangopotokola mkombero mpaka pamenepo, kapena mpaka ugunde kumapeto? Musatero. Malens ambiri amakono amapangidwa dala kuti azipitirira infinity pang'ono, ndiye mukagunda kumapeto mwadutsa kale nsonga. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi phunziro lina la m'silabasi yanu, lakuti zitsulo zimafutukuka zikatentha n'kukhwinyata zikazizira.

Aluminiyamu amasintha ndi 0.000023 ya kutalika kwake pa digiri iliyonse. Tengani chitini cha lens chotalika 200 mm, kutentha kutsike ndi madigiri 10:

200 × 0.000023 × 10 = 0.046 mm

Amenewo ndi maikulomita 46, kuwirikiza kawiri mpata wathu wa 22. Galasi nalonso limasintha mapindidwe ake a kuwala likazizira. Infinity ya masana si infinity ya usiku, ndipo ya 7 koloko madzulo si ya 2 koloko m'bandakucha.

Zimenezi zimatikhudza kwambiri kuno kwathu. Nyengo yabwino yojambula thambo ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha koma utsi wa moto wa m'tchire usanadzaze mlengalenga. Ndi nthawi imene pakati pa Mlalang'amba, powala kwambiri paja, pamakwera pafupifupi pamutu pathu. Koma ndi nyengo yomweyonso imene usiku umazizira zedi, makamaka kumalo okwera ngati ku Dedza kapena ku Nyika. Kamera yochokera m'nyumba yofunda iyenera kukhala panja mphindi 20 kapena 30 kuti izizire kaye, ndipo fokasi muziionanso usiku ukamapita.

Mukafuna mlambe ulowe nawo

Mpaka pano takamba za thambo lokha. Koma zithunzi zimene anthu amazikonda ndi zija za Mwezi ukutuluka kuseri kwa mlambe, kapena nyenyezi pamwamba pa phiri. Apa ndi pamene mawu akuti depth of field amalowera. Amatanthauza chigawo, kuchokera pafupi kukafika patali, chimene zinthu zake zimaoneka bwino lens ikafokasidwa pamalo amodzi.

Kunena zoona, lens imafokasa pa mtunda umodzi wokha. Zina zonse zimapanga timabwalo. Kungoti timabwaloto tikakhala tating'ono kwambiri, diso limatiyesa timadontho. Pa makamera a sensa yaikulu ya 36 mm ndi 24 mm, ojambula anazolowera kunena kuti kabwalo kosaposa 0.03 mm n'kovomerezeka. Kukula kovomerezekaku tikutche c.

Lens ili pa infinity, chinthu chimene chili pa mtunda u chimapanga kabwalo ka f²/(N × u). Mlambe uli pa mamita 20, lens ya 200 mm, f/2.8:

40,000 ÷ (2.8 × 20,000) = 0.71 mm

Amenewo ndi mapikiselo pafupifupi 180. Nthambi sizidzaoneka, padzangokhala chimthunzi chakuda. Ndiye mlambewo ukhale patali bwanji kuti kabwalo katsike kufika pa c? Ingotembenuzani fomula:

H = f² ÷ (N × c)

Mtunda umenewu umatchedwa hyperfocal distance. Lens ikakhala pa infinity, chilichonse kuyambira pa H kupita kutsogolo chimaoneka bwino.

Lens ya 20 mm pa f/2.8: H = mamita 4.8
Lens ya 200 mm pa f/2.8: H = mamita 476

Focal length yakula ka 10, H wakula ka 100, chifukwa f ali pa sikweya. N'chifukwa chake foni yanu, imene lens yake ndi ya mamilimita ochepa chabe, imaonetsa mnzanu ndi phiri la kumbuyo kwake zonse bwinobwino, pamene lens yaitali imasankha chimodzi. Ndipo tikagwiritsa muyeso wathu wokhwima uja wa maikulomita 8, H wa lens ya 200 mm amafika makilomita 1.8.

Pali njira imene mabuku a kujambula amaphunzitsa masana: fokasani pa H penipeni, ndipo zonse kuyambira theka la H mpaka infinity zidzaoneka bwino. Masamu ake ndi olondola, koma usiku musaitsate. Mukatero mwaika nyenyezi kumalire enieni a zovomerezeka, iliyonse yafufuma kufika 0.03 mm, ndipo zofooka zija zayamba kale kumira. Usiku nyenyezi ndi zimene zimalandira fokasi, zapansi zizitsatira.

Mankhwala ake ndi miyendo yanu. Bwererani m'mbuyo. Ndipo kubwerera m'mbuyoko kuli ndi mphatso yake. Mwezi umaoneka waukulu theka la digiri kulikonse kumene mwaima, ndipo pa sensa umakula pafupifupi f kugawa ndi 110. Pa 200 mm ndi 1.8 mm. Mlambe wotalika mamita 15 mukauimira pa mamita 500 umatuluka 6 mm, kuposa Mwezi katatu. Mukauimira pa makilomita 1.7 umatuluka 1.8 mm, ndendende ndi Mwezi. Zithunzi zija mumaona za chimwezi chachikulu chitameza mtengo, chinsinsi chake n'chimenechi: wojambulayo anaima kutali kwambiri ndi lens yaitali. Mtunda womwewo umene wakulitsa Mwezi ndi umenenso waika mtengo ndi Mwezi pa fokasi imodzi.

Njira ina ndi kujambula kawiri kamera isanasunthe, koyamba mutafokasa pa nyenyezi, kachiwiri pa mtengo, kenako n'kuphatikiza pa kompyuta. Palibe cholakwika, bola munene poyera kuti ndi zithunzi ziwiri.

Bwanji osangochepetsa chibowo?

Wina wakhala akuyang'ana fomula ya H ndipo waona kuti N ali pansi. Kulitsani N, H achepa. Zoona. Koma tiyeni tione mtengo wake.

Pa f/22, H amatsika kufika pa mamita 61. Mlambe wa pa mamita 20 uja ukadali mbuu. Pomwepo kuwala kolowa kwachepa ka 64, ndiye chithunzi chimene chimafuna masekondi 2 tsopano chikufuna masekondi 128.

Pa masekondi 128 amenewo Dziko silinaime. Limazungulira madigiri 15 pa ola. Pa lens ya 200 mm, nyenyezi ngati zitatu zondondozana za Orion, zimene akuluakulu amazitcha Akamwiniatsatana, zimayenda maikulomita 14.5 pa sekondi iliyonse pa sensa, pafupifupi mapikiselo 4. Pa masekondi 128 ndi 1.9 mm. Nyenyezi iliyonse yasanduka mzere wotalika ngati Mwezi wathunthu. Nyenyezi za ku Southern Cross zimayenda theka la liwiro limeneli chifukwa zili kufupi ndi pamene thambo limazungulirapo, koma nazonso zimalemba mizere. Ojambula ali ndi lamulo lachidule lakuti gawani 500 ndi focal length kuti mupeze masekondi, ndiye pa 200 mm ndi masekondi 2.5. Ngakhale pamenepo nyenyezi yayenda kale mapikiselo 9. Amene amafuna nthawi yaitali amaika kamera pa kamakina kozungulira motsatira thambo.

Pali vuto lachitatu. Kuwala ndi mafunde, ndipo mafunde akadutsa pa chibowo amamwazika m'mphepete. Imeneyi ndi diffraction. George Airy, katswiri wa zakuthambo wa ku England, anawerengera mu 1835 kukula kwa kadontho kamene lens yopanda chilema chilichonse ingapange. M'mimba mwake ndi 2.44 × wavelength × N. Pa kuwala kobiriwira, kwa maikulomita 0.55, f/2.8 imapereka maikulomita 3.8, pikiselo imodzi. Pa f/22 ndi maikulomita 30. Mwathawa kufufuma kwina n'kugwera m'kufufuma kwina.

Mwezi wokha ndi umene umalola. Mwezi ndi mwala wowombedwa ndi dzuwa, ndiye ndi wowala ngati masana. Ukakhala wathunthu mutha kujambula pa f/11, ISO 100, ndi 1/100 ya sekondi. Pamenepo H ndi mamita 121, ndipo kuzungulira kwa Dziko sikuoneka.

Mmene mungaipezere fokasi

Kamera ikhale pa thiraipodi kapena pa thumba la mchenga, isagwedezeke. Zimitsani chochepetsa kugwedezeka ngati lens ili nacho.

Chotsani pa AF muike pa MF. Makina ofokasa okha amafuna malire oonekera bwino pakati pa kuwala ndi mdima. Pa thambo lakuda amangopita kutsogolo ndi kumbuyo osapeza kanthu. Mwezi ukakhalapo, kapena Nthanda, mutha kuwalola afokase pamenepo, kenako n'kusinthira ku MF. Kumbukirani, fokasi ya Mwezi ndi ya nyenyezi zomwe. Getsi la panyumba ina lingathandizenso, koma likhale kutali kuposa makilomita 2, malinga ndi H wokhwima uja.

Lozani nyenyezi yowala, monga Sirius, Canopus kapena Alpha Centauri, muiike pakati pa sikirini, muikulitse ka 10 ndi batani lokulitsira. Potokolani mkombero pang'onopang'ono. Mpira uja uchepa, uchepa, kenako uyambanso kukula. Bwererani. Chitani zimenezi kangapo mpaka mudziwe pamene uli wochepetsetsa.

Pali zizindikiro ziwiri zothandiza. Mukayandikira fokasi, tinyenyezi tofooka timene sitimaoneka timatulukira mwadzidzidzi pambali pa yaikuluyo. Komanso malens ambiri amaonetsa mphepete yofiirira kumbali imodzi ya fokasi ndi yobiriwira kumbali inayo, chifukwa galasi limapinda mitundu ya kuwala mosiyana, monga prism imachitira. Fokasi ili pakati pa mitundu iwiriyo.

Mukaipeza, matani mkombero ndi kachidutswa ka tepi. Ngati lens ndi ya zoom, musasinthenso focal length, chifukwa pa malens ambiri fokasi imasuntha nayo. Jambulani ndi timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera, kenako kulitsani chithunzicho muone.

Palinso kachida kanzeru kotchedwa Bahtinov mask. Anakapanga mu 2005 ndi Pavel Bahtinov wa ku Russia, munthu wongokonda kujambula thambo. Ndi chivundikiro chokhala ndi ming'alu yowongoka m'magulu atatu, gulu lililonse lopendekera kwake. Mukachivundikira pa lens, diffraction yomwe ija imasandutsa nyenyezi kukhala mizere itatu: iwiri yopingasana ngati X, wachitatu wodutsa pakati. Mukapotokola mkombero, mzere wachitatuwo umasunthira kumanzere kapena kumanja. Ukakhala pakati penipeni pa X, mwafika. Ubwino wake ndi wakuti diso la munthu limavutika kudziwa ngati kadontho kachepetsetsa, koma siliphonya kuona ngati mzere uli pakati. Anthu amazipanga okha ndi katoni yakuda ndi lezala. Musaiwale kuchotsa musanajambule.

Kuwerenga chithunzi cholakwika

Si kufufuma kulikonse kumene kuli kwa fokasi. Maonekedwe a nyenyezi amakuuzani chimene chalakwika.

Zonse ndi timabwalo tozungulira tofanana: ndi fokasi.
Zonse ndi timizere tolunjika kumodzi: ndi kuzungulira kwa Dziko, chepetsani masekondi.
Zili ngati tinyongolotsi kapena ziwiriziwiri: kamera inagwedezeka.
Zinayamba bwino, kenako zowala zili ndi chifunga mozungulira: unikani galasi lakutsogolo, mwina ndi mame.
Zapakati zili bwino koma zam'makona zili ndi timapiko: ndi chilema cha lens yeniyeniyo. Chepetsani chibowo pang'ono, kuchoka pa f/2.8 kupita pa f/4.

Chomalizachi mkombero sungachikonze, ndipo nkhani ya Hubble Space Telescope ndi umboni. Anaitumiza m'mlengalenga mu Epulo 1990 ndi galasi lalikulu la mamita 2.4. Zithunzi zoyamba zinabwera nyenyezi iliyonse ili ndi chifunga. Akatswiri anasuntha fokasi uku ndi uku koma osaphula kanthu, chifukwa galasilo linapalidwa mophwatalala kwambiri m'mphepete ndi maikulomita pafupifupi 2.2. Kuwala kwa m'mphepete kunkakumana pamalo ena, kwapakati pamalo ena, ndiye panalibe nsonga imodzi yoti n'kuipeza. Zinatheka mu Disembala 1993, pamene anthu anapita ndi chombo cha Endeavour kukaika timagalasi tokonzera. Maikulomita 2.2 anasowetsa mtendere akatswiri kwa zaka zitatu ndi theka. Inu anu ndi 22, ndipo chida chanu ndi zala.

Yesani popanda kamera

Ndikudziwa kuti ambiri a inu mulibe kamera yotereyi. Koma mu labu ya sukulu mukapezeka lens ya convex ya focal length 20 cm, imeneyo ndi lens ya 200 mm yeniyeni. Pemphani aphunzitsi anu akubwerekeni, mutenge pepala loyera ndi rula.

M'chipinda chamdima yatsani kandulo pa mita 1 kuchokera pa lens, musunthe pepala mpaka lawi lioneke bwino. Mupeza 25 cm. Sunthani kandulo ifike pa mamita 2, mupeza 22.2 cm. Pa mamita 5, 20.8 cm. Kenako tulukani panja usiku wa Mwezi wathunthu. Pa 20 cm mudzaona kamwezi kowala, kosakwana 2 mm. Osasuntha pepala, lozani getsi la kutali kwambiri, ndipo mudzaona kuti nalonso lili pa fokasi yomweyo. Pomaliza boolani katoni chibowo chokula ngati kobiri kakang'ono, muphimbe nayo lens, mubwerere ku kandulo. Lawi lidzakhala lofooka, koma mudzatha kusuntha pepala mtunda wokulirapo lisanafufume. Denga la nkhokwe lasanduka munga. Chenjezo limodzi: musayang'ane Dzuwa kudzera mu lens iliyonse, ngakhale kamphindi. Lens imene imayatsa pepala ingawononge diso mpaka kalekale.

Nayi ntchito yanu. Mnzanu wabwereka lens ya 400 mm imene chibowo chake chachikulu ndi f/5.6, ndipo akufuna Mwezi ukutuluka kuseri kwa mtengo wa mgwalangwa wotalika mamita 12. Pogwiritsa c = 0.03 mm, aime patali bwanji kuti mtengo ndi Mwezi zonse zioneke bwino? Ataima pamenepo, chachikulu pa sensa ndi chiti, mtengo kapena Mwezi, ndipo ndi mamilimita angati? Yankho loyamba likayandikira kilomita imodzi, muli panjira.